Khamu la miimba pa ng'ombe yakufa si umboni woti mbalamezi zidakali zambiri

Chaka chilichonse madzi akayamba kuphwa m'madambo a mtsinje wa Kafue ku Zambia, abusa a mtundu wa Ila akamatsikira ndi ng'ombe zawo ku msipu wa kudambo, ifenso timanyamula mahema ndi magalasi oonera patali kukayamba ntchito yowerenga zisa za miimba. Ndipo chaka chilichonse ndimamva funso lomwelo kwa abusa, kwa madalaivala, ngakhalenso kwa anthu ophunzira bwino: “Mukuti miimba ikutha bwanji pomwe dzulo lomweli tinaiona yadzaza pa ng'ombe yakufa?” Funso limeneli landikwana, osati chifukwa olifunsa ali ndi mtima woipa, koma chifukwa maganizo amenewa ndiwo amachititsa anthu kuzengereza pa tsiku limene kufulumira kukadapulumutsa mbalame.

Muimba sudyera pafupi ndi chisa chake. Dzuwa likatentha umakwera ndi mpweya wofunda mpaka m'mwamba kwambiri, ndipo umatha kuyenda makilomita oposa 100 pa tsiku limodzi, diso lina lili pansi, lina lili pa miimba inzake. Umodzi ukatsika, wina umene uli kutali umaona n'kutsatira, ndipo uthengawo umafalikira motero. Choncho khamu limene mudaliona pa ng'ombe ija silidachokere m'dera lanu lokha. Mwina munali mbalame za ku Botswana, ku Namibia kapena ku Zimbabwe. Nyama imodzi imasonkhanitsa miimba ya dziko lalikulu, ndipo n'chifukwa chake nyama imodzi yothiridwa poizoni imapulula miimba ya dziko lalikulu.

Ife timawerenga zisa. Muimba wa msana woyera umaikira dzira limodzi lokha pa chaka, pamwamba pa mtengo wautali, m'nyengo yachilimwe. Makolo amasinthana kufungatira kwa masabata pafupifupi 8, mwanapiye amakhala m'chisa miyezi inayi, ndipo akauluka amadikira zaka ngati zisanu kuti naye ayambe kuswa. Timapita m'Meyi kapena m'Juni kukaona mitengo imene ili ndi kholo lofungatira, n'kubwereranso cha m'Seputembala kukaona ngati muli mwanapiye. Timaima patali ndithu, chifukwa kholo likadzidzimuka n'kuuluka, dzira limatsala poyera ndipo akhwangwala sachedwa. Ntchitoyi ilibe chidule: mitengo yomweyo, njira yomweyo, chaka ndi chaka, nthawi zambiri wapansi chifukwa galimoto imatitimira. Chiwerengero cha chaka chimodzi sichinena zambiri, koma kawerengedwe koleza mtima kotere m'maiko ambiri ndiko kadathandiza bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN m'chaka cha 2015 kuika mitundu inayi ya miimba ya mu Africa, kuphatikizapo wa msana woyera, pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Pali chisa chimodzi chimene sichichoka m'maganizo mwanga. Chinali pa mtengo wa nsangu, m'mbali mwa khwawa, ndipo kwa zaka zingapo zotsatizana ndinkalemba m'kope langa kuti mwanapiye wauluka. Chaka china, patali pang'ono ndi pamenepo, afisi adagwira ng'ombe ya bambo wina. Sindimunyoza bamboyo, chifukwa kumeneko ng'ombe ndiyo fizi ya ana, ndiyo chiwongo, ndiyo ulemu wa pamaliro. Mwaukali adathira mankhwala ophera tizilombo ta m'munda pa nyama yotsalayo kuti afisi akabwerera afe. Afisi sadabwere usikuwo, koma m'mawa mwake idatsika miimba. Anyamata oweta ng'ombe adaziona mbalamezo zikugwa, zina zili moyo, koma adaopa kuti akanena amangidwa, ndipo mawu adatipeza patapita masiku atatu. Titamaliza kutentha mitembo ndidapita pa nsangu uja. Mwanapiye anali m'chisa, wamoyo, akutukula mutu nthawi iliyonse chithunzithunzi chikadutsa. Tidadikira tsiku lonse, kholo silidabwere. Pamene wodziwa kukwera mitengo ndi zingwe ankafika, mwanapiyeyo anali atafa. Iye sadalawe poizoni, ndipo m'malipoti a miimba yophedwa ndi poizoni anapiye otere nthawi zambiri sawerengedwa n'komwe.

Masiku atatu amenewo ndiwo amandipweteka. M'Juni 2019 ku Botswana mitembo itatu ya njovu yothiridwa poizoni idapha miimba 537, ndipo inali nyengo yoswa. M'Meyi 2025 kumalo osungirako nyama zakutchire a Kruger, ku South Africa, kudachitikanso zofanana ndipo miimba yoposa 120 idafa, koma yoposa 80 idatoledwa yamoyo chifukwa ogwira ntchito adadziwa msanga n'kuthamangira pamalopo. Mankhwala monga tameki ndi carbofuran amagwira msanga, koma mbalame imene sidadye kwambiri imatha kuchira dokotala wa ziweto akaibaya mankhwala olimbana ndi poizoniyo otchedwa atropine n'kuipatsa madzi m'thupi m'maola oyambirira. Madzi akatayika saoleka, ndipo pa nkhani ya poizoni amatayika tsiku loyamba lomwelo.

Mukaona muimba uli pansi mapiko atagwa, zala zitafumbata, ukusanza kapena kulephera kuimika khosi, makamaka ngati pa nyamapo pali ntchentche zakufa, imbirani a zanyama zakutchire kapena mlangizi wa ziweto nthawi yomweyo. Wina atsale pamenepo kupirikitsa miimba ina ndi agalu, ndipo asagwire kanthu ndi manja opanda magolovesi. Musaimwetse mkaka. Sindidziwa kuti ndanena kangati kuti mkaka suchotsa poizoni ameneyu, ndipo mbalame yofooka ukaitsanulira zamadzi kukamwa zimalowa m'mapapo. Nyamayo asadye munthu aliyense, ngakhale ataiwamba kapena kuiphika nthawi yaitali.

Ndiyeno pali anthu amene amafika pamalo otere ife tisanafike, n'kudula mitu ndi mapazi a miimba kukagulitsa kwa asing'anga ena amene amalonjeza kuti bongo wa muimba umalotetsa munthu manambala a lotale kapena zotsatira za mpira. Muimba sulota kumene kwafera nyama. Uli ndi maso akuthwa ndipo umayang'ana anzake, monga ndafotokozera. Wogula mankhwala otere amataya ndalama, ndipo choopsa koposa n'chakuti ziwalozo kawirikawiri zimachokera ku mbalame zophedwa ndi poizoni, amene angathe kutsalira m'zimene akuuzidwa kuti asute kapena amwe.

Miimba ina timaiveka chikwangwani cha nambala paphiko kapena kachipangizo ka GPS pamsana, kosonyeza kumene mbalameyo ili. Si zaufiti ndipo sizigulitsika. Kachipangizoko kakaima malo amodzi kwa nthawi yaitali, ofufuza amadziwa kuti kwagwa zovuta ndipo amanyamuka. Mukapeza mbalame yotere, yamoyo kapena yakufa, lembani nambalayo, tsiku ndi malo, jambulani ndi foni ngati muli nayo, ndipo musachotse kanthu pathupi pake mpaka a zanyama zakutchire atafika.