Chinsinsi chikalowa pakati pa anthu a mbali imodzi

M'nkhani za fantasy, zija za matsenga, zinjoka zouluka ndi maufumu osapezeka pa mapu, gulu la anthu abwino limayamba kung'aluka pamene mmodzi wa iwo wadziwa kanthu n'kusankha kukhala chete. Ntchito yanga ndi kukonza zolemba zisanasindikizidwe, ndipo nkhani zotere zomwe achinyamata a muno mu Blantyre amandibweretsera kawirikawiri zimakhala ndi munthu wobisa mawu. Ena amazilemba bwino, ambiri ayi. Kusiyana kwake kwagona pa chinthu chimodzi: kumvetsa zomwe zimachitika mumtima mwa munthu amene wabisiridwayo.

Munthu wobisiridwa sakhala phee kudikira tsiku lomwe adzauzidwe. Amaona kuti mnzake wasintha, amamva kuti nkhani yaduka iye atangolowa, ndiye amayamba kudzipangira yekha mayankho. Mayankho amenewo amakhala oipa kuposa choonadi. Ndipo mdani wochenjera amalowera pa mpata womwewo.

Buku lachisanu la Harry Potter, lomwe J. K. Rowling adatulutsa mu 2003, lidamangidwa lonse pa mfundo imeneyi. Dumbledore, mkulu wa sukulu ya matsenga yomwe mnyamata Harry amaphunzira, akudziwa kuti maganizo a Harry ndi a mdani wawo Voldemort ndi olumikizana, ndipo akuopa kuti mdaniyo angagwiritse ntchito mnyamatayo ngati zenera. Ndiye chaka chonse akumuzemba, osamuyang'ana n'komwe m'maso, osamufotokozera za ulosi womwe Voldemort akuufunafuna. Harry, wa zaka 15, akungoona kuti mkulu yemwe ankamudalira wamutaya. Tsiku lomwe Voldemort akumuonetsa masomphenya abodza akuti Sirius, mnzawo wa malemu bambo ake yemwe Harry amamutenga ngati kholo, akuzunzidwa, Harry sakukhulupirira kuti ndi msampha. Akuthamangira komweko, Sirius akubwera kudzamupulumutsa, n'kuphedwa. Dumbledore mwini wake akuvomera pambuyo pake kuti akadalankhula poyera, izi sizikadachitika.

Chomwe chimandipweteka kwambiri m'buku limeneli ndi kamphatso kena. Sirius adapatsa Harry kaphukusi kokulunga, n'kumuuza kuti akagwiritse ntchito akamufuna. Harry adalumbira mumtima kuti sadzakatsegula, poopa kuti angatulutse Sirius m'nyumba momwe adabisala n'kumuika pangozi. M'kaphukusimo mudali kalilole wolankhulirana. Akadamutsegula, akadafunsa Sirius yekha ngati ali bwino. Kaliloleyo adamupeza Sirius atafa kale. Taonani kuti palibe woipa pano. Mkulu akubisa kuti ateteze mwana, mwana akukhala chete kuti ateteze mkulu, ndipo chikondi chomwecho ndicho chikutseka njira zonse zolankhulirana.

Kubisa kofuna kuteteza kumeneku ndi komwe ndimakuona koopsa kuposa bodza lenileni. Bodza likaululika, umadziwa kuti wakuchimwira ndani. Koma ukamva kuti "tidakubisira chifukwa timakukonda", uthenga womwe umafika ndi wakuti anzako sadakuone ngati munthu woti n'kusenza nawo katundu. Ife sitikufunika kuphunzitsidwa zimenezi. Tikudziwa mmene zimakhalira pamene banja lonse likudziwa matenda a bambo kupatula mwana yemwe ali kusukulu, n'kudzamuuza mwambo wa maliro utakonzedwa kale.

J. R. R. Tolkien, mu The Lord of the Rings ya mu 1954 ndi 1955, adaonetsa mbali ina. Denethor, woyang'anira ufumu wa Gondor, ali ndi mwala woonera zakutali wotchedwa palantír, ndipo amauyang'ana yekha m'chipinda cha pamwamba osauza munthu. Mdani wawo Sauron sangachititse mwalawo kunama, koma amasankha zoti Denethor aone: magulu a nkhondo osawerengeka, zombo zakuda zikubwera pa mtsinje. Zonse ndi zoona, kungoti ndi theka la nkhani. Poti palibe yemwe akudziwa komwe Denethor akutenga nzeru zake, palibenso womuwongola. Akusiya kukhulupirira Gandalf, mkulu wamatsenga wa mbali yake yomwe, akutaya mtima, mapeto ake akudzitentha. Pippin, mmodzi wa anzake a Gandalf, nayenso adayang'ana mwala wotere mwakuba, koma atafunsidwa adaulula zonse usiku womwewo, ndipo zomwe adanenazo zidathandiza anzake kudziwa zomwe mdani akuganiza. Mwala ndi wamtundu umodzi, mdani ndi yemweyo.

Robert Jordan adapita patsogolo mu The Wheel of Time, yomwe idayamba kutuluka mu 1990. Akazi amatsenga otchedwa Aes Sedai adalumbira kuti sadzalankhula mawu abodza, ndipo lumbirolo limawamanga ndithu. Komabe anthu sawakhulupirira, chifukwa adaphunzira kuzungulira, kusiya mbali zina, kuyankha funso lina osati lomwe afunsidwa. Amene mudaonera filimu ya Black Panther ya mu 2018 mukukumbukira zofanana: mfumu T'Chaka idapha m'bale wake ku Oakland ku America mu 1992, n'kusiya mwana wa m'baleyo kumeneko, ndipo Zuri, yemwe adaona zonsezo, adasunga chinsinsicho zaka zonsezo. T'Challa, mwana wa mfumuyo, adadzamva zimenezi mwana uja atakula kale ndi mkwiyo wake.

Tsono kwa inu olemba. Ndikalandira nkhani yomwe mavuto ake onse akuchokera pa kusalankhulana, ndimafunsa wolembayo kuti: anthu awiriwa atakhala pansi mphindi zisanu, nkhani yanu ingathere pomwepo? Ngati yankho ndi inde, ndimafunsanso chomwe chikuwaletsa kukhala pansipo. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Munthu amati "ndikuuza mawa" popanda chifukwa, foni imangozima pa nthawi yomwe wolemba akufuna, ndipo wowerenga amazindikira kuti akukokedwa. Dumbledore adali ndi mantha omveka, Denethor adali ndi kunyada komwe tidakuona kuyambira pachiyambi. Chinsinsi chawo chidachokera mu khalidwe lawo.

Ndipo sitikusowa zipangizo zathu. Za phiri la Mulanje anthu amati ukapeza chakudya chokonzedwa kale m'nkhalango, ndi cha mizimu, udye osaitana anzako. Tiyerekeze anthu atatu akukwera kulowera ku Sapitwa, chakudya chawathera, mmodzi n'kupeza nsima yotentha pa mwala. Akaitana anzake waphwanya lamulo la mizimu. Akadya yekha, abwerera ali ndi mphamvu pomwe anzake akudzandira ndi njala, ndipo iwo aona. Wolemba waluso sangathamangire tsiku louluka chinsinsicho. Angatisunge pa masiku apakatiwo, pamene awiriwo ayamba kugona atakumbatira zikwama zawo, n'kumasiya kulankhula mnzawoyo akamayandikira moto.