Dzina la munthu si primary key

Chaka ndi chaka ophunzira amandibweretsera pulojekiti ya database, nkhokwe yosungiramo zinthu pakompyuta m'matebulo, ndipo cholakwa chake n'chimodzimodzi: tebulo limodzi lalitali, momwemo dzina la mwana, kalasi, dzina la kholo, fizi imene walipira, malikisi a masamu, zonse kuunjika pamodzi ngati akulemba mu Excel. Ndikafunsa kuti primary key, chizindikiro chosabwerezeka chosiyanitsa mzere uliwonse ndi unzake, ili pati, amaloza dzina. Dzina! Kuno kumene kalasi imodzi mumapezeka a Banda asanu, awiri mwa iwo dzina loyamba n'kukhalanso lofanana?

Pali nkhani imene imandiwawabe. Pasukulu ina ya sekondale, mtsikana wa Fomu 4 anabwezedwa kunyumba mayeso a moko atayandikira, ati sanamalize fizi. Mayi ake anali atalipira kale, risiti ili m'manja. Ndalamazo kompyuta inaziika pa mwana wina wa dzina lomwelo. Akaunti ofesi inakakamira kuti kompyuta sinama, ndipo mwanayo anakhala pakhomo mpaka munthu wina atafufuza m'mabuku a risiti. Amene anakonza pulogalamuyo anali mnyamata wochenjera ndithu, mafomu ake okongola, mabatani amitundumitundu, chizindikiro cha sukulu pamwamba. Koma panalibe amene anamukhazika pansi n'kumuuza kuti mwana aliyense apatsidwe nambala yakeyake yosabwerezeka, ndipo malipiro akhale m'tebulo lina lolozera ku nambala imeneyo. Ndi chifukwa chomwechi chiphaso cha unzika cha NRB chili ndi nambala, osadalira dzina lokha.

Izi si zatsopano ayi. Katswiri wa makompyuta Edgar Codd, akugwira ntchito ku kampani ya IBM, anazifotokoza mu 1970: chinthu chilichonse chilembedwe pamalo amodzi, matebulo azilumikizana ndi makiyi. Mukalemba nambala ya foni ya kholo pamizere makumi awiri, tsiku limene kholoyo lasintha nambala mudzakonza pena, pena mudzaiwala, ndipo simudzadziwanso yoona ndi iti. Normalization imene ophunzira amailoweza pamtima kuti akhoze mayeso ndi imeneyi basi. Ponena za foni, chonde musamaisunge ngati nambala yowerengera. Ziro wa kumayambiriro kwa 088 kapena 099 amasowa, ndipo palibe amene adzaphatikize manambala a foni a anthu awiri.

Aphunzitsi anzanga, milungu yoyamba kompyuta ikhale yozimitsa. Pepala ndi pensulo: tikusunga za ndani, zikugwirizana bwanji, mwana mmodzi angalipire kangati. Mapulogalamu a database monga Access, MySQL kapena PostgreSQL abwere pambuyo, ndi SQL (chinenero cholamulira database) yolemba ndi manja, osati kungodina wizard yokuchitira zonse.

Musaganize kuti ndi ana okha amene amagwa m'mbuna imeneyi. Mu 2020 ku England anthu pafupifupi 16,000 opezeka ndi Covid-19 sanalowe m'kaundula panthawi yake, chifukwa zotsatira zinkadutsa m'fayilo ya Excel yamtundu wakale imene imathera pamizere 65,536.

Koma amene andikwiyitsa zedi ndi ogulitsa mapulojekiti. Wophunzira wagona temu yonse, kwatsala milungu iwiri, akupita kwa munthu pa WhatsApp n'kugula "school management system" yokonzakonza, kungosintha dzina la sukulu. Mukamufunsa chifukwa chimene tebulo ili likulumikizana ndi ilo, kukamwa yasaa. Ameneyu mawa alembedwa ntchito pachipatala kapena ku SACCO, m'manja mwake muli ndalama ndi mbiri ya matenda a anthu. Mawu achinsinsi asunga osabisa, bokosi lolowera aliyense atha kulembamo SQL yake n'kutsegula zonse, ndipo tsiku lina adzalemba DELETE wopanda WHERE, lamulo lofufuta losanena mzere wake, n'kufufuta zonse za m'tebulo.

Inu a mabizinezi ndi masukulu, wina akabwera kudzakugulitsani pulogalamu yotere, mufunseni akujambulireni matebulo ake papepala, ndipo abweze backup ya dzulo, kope la zonse losungidwa padera, inu mukuona. Akayamba kuzembazemba, musamulipire.