Malaisensi ndi Makompyuta a Kampani: Mmene Mungawalondolere

Kampani ikalipira pulogalamu ya pakompyuta, kawirikawiri imakhala yagula chilolezo choigwiritsa ntchito basi, chomwe ndi laisensi. Chilolezocho chili ndi malire ake: anthu angati, makina angati, kufikira liti. Malirewa amalembedwa mu mgwirizano umene ukangosainidwa palibe amautsegulanso, chonsecho makompyuta akusintha manja ndipo antchito akubwera ena akuchoka.

Ntchito yonse yagona pa kufananitsa zinthu zitatu: zimene kampani inagula, zimene zaikidwa m'makina, ndi zimene anthu akugwiritsadi ntchito. Zoikidwa zikaposa zogulidwa, mgwirizano waphwanyidwa, ndipo eni pulogalamu akadzachita kafukufuku wawo adzalipiritsa zosowazo, mwina ndi chindapusa pamwamba. Zogulidwa zikaposa zogwiritsidwa ntchito, ndalama zimangotayika mwezi ndi mwezi. Vuto lachiwirili ndi lovuta kuligwira chifukwa palibe amene amabwera kudzadandaula.

Yambani ndi makina, poti ndi ogwirika. Chipangizo chilichonse chikhale ndi mzere wake mu kaundula: nambala ya kampani yomatidwa pa sitika, serial number ya kufakitale, mtundu wake, tsiku logula, nambala ya invoisi, tsiku limene walanti ithere, ndi dzina la amene ali nacho. Musadalire dzina limene kompyuta imaonekera nalo pa netiweki, chifukwa limasintha munthu akaikamo Windows mwatsopano, ndipo laputopu imodzi imapezeka yalembedwa kawiri. Serial number ndiyo yodalirika. Makina akakhala makumi awiri kapena atatu, Excel ndi yokwanira. Akachuluka, pali mapulogalamu aulere monga Snipe-IT, imene imalemba kuti chipangizo chabwerekedwa kwa ndani ndipo chabwezedwa liti, ndi GLPI, imene ili ndi kapulogalamu koikidwa pa kompyuta iliyonse komatumiza mndandanda wa zonse zili m'menemo. Mafoni, maprinta ndi marauta alowenso. Dzina la webusaiti ya kampani nalonso ndi katundu: likatha osalipiridwa, maimelo onse amaima.

Pa malaisensi m'pamene pamafunika kufatsa, chifukwa iliyonse imawerengedwa mwa njira yake. Windows imene imabwera itaikidwa kale mu laputopu yatsopano, yotchedwa OEM, ndi ya makina amenewo okha. Laputopuyo ikafa, laisensi yathera pomwepo, simungaisamutsire kwina. Microsoft 365 ya bizinesi imawerengedwa pa munthu: pa mapulani amene ali ndi Word ndi Excel zoika mu kompyuta, munthu mmodzi angaziike pa makompyuta 5, matabuleti 5 ndi mafoni 5. Izi sizikutanthauza kuti anthu asanu agawane akaunti imodzi, ngakhale maofesi ambiri amachita zimenezo poganiza kuti n'zololedwa. Nayo Microsoft 365 Family ndi ya pakhomo, si ya ntchito za kampani.

Pa seva, kompyuta yaikulu imene imatumikira makompyuta ena pa netiweki, zinthu zimavutirapo. Windows Server imalipiridwa potengera ma core, omwe ndi tizigawo towerengera ta m'kati mwa purosesa (ubongo wa kompyuta), ndipo seva iliyonse imafuna malaisensi a ma core osachepera 16, ngakhale itakhala ndi 8 okha. Kuwonjezera apo, munthu kapena chipangizo chilichonse cholumikizana ndi sevayo chimafuna chilolezo chake chotchedwa CAL. Ma CAL ndi amene amaiwalika kwambiri, chifukwa seva imagwirabe ntchito ngakhale simunawagule. Mtundu wa Windows Server wotchedwa Standard umalola ma virtual machine awiri okha, omwe ndi makompyuta oyerekezera oyenda m'kati mwa seva imodzi. Wachitatu akafunika, ma core onse alipiridwenso, apo ayi mugule mtundu wina wotchedwa Datacenter. Java ya kampani ya Oracle, pulogalamu imene mapulogalamu ena amayendera, nayo ndi yofunika kuisamala: kuyambira mu Januwale 2023, Oracle imawerengera mtengo wake pa chiwerengero cha antchito onse a kampani, osati okhawo amene akuigwiritsa ntchito. Ngati pulogalamu yanu ingayende pa OpenJDK, yomwe ndi Java yaulere, ndi bwino kusamukira kumeneko msanga.

Laisensi iliyonse ikhale ndi umboni wake pamalo amodzi: invoisi, mgwirizano, nambala yotsegulira, ndi akaunti imene inagulira. Ochita kafukufuku amafuna umboni woti munagula. Kuti pulogalamu ikutseguka sikutsimikiza kanthu. Akaunti yoyang'anira ilembetsedwe pa imelo ya kampani, ndipo anthu awiri akhale ndi mphamvu zolowamo. Ikalembetsedwa pa imelo ya munthu, tsiku limene adzasiye ntchito adzachoka nazo zonse.

Kaundula amasokonekera kwambiri wantchito akamachoka. Ofesi yoona za antchito imadziwa, koma a IT amamva patapita milungu, ndipo laisensi ya munthuyo imalipiridwabe. Pakhale fomu imodzi yosainidwa ndi mbali zonse ziwiri malipiro omaliza asanatuluke: laputopu ndi chaja zabwezedwa, akaunti yatsekedwa, laisensi yabwerera ku kampani. Apa ndondomeko isadumphidwe. Mu Microsoft 365, mukachotsa laisensi, maimelo a munthuyo amasungidwa masiku 30 okha kenako amafufutika. Choncho yambani mwasandutsa bokosi lakelo kukhala shared mailbox, bokosi la maimelo limene anthu angapo angatsegule, lomwe silifuna laisensi ngati silinapitirire 50 GB, musamutse mafayilo ake, ndipo pomaliza muchotse laisensi.

Masiku okonzanso mgwirizano aikidwe pa kalendala ndi chikumbutso cha masiku 90 nthawi isanakwane. Migwirizano yambiri yolipira pachaka imayambiranso yokha chaka chikatha, ndipo chaka chikayamba simuloledwa kuchepetsa chiwerengero cha anthu mpaka chithe. M'masiku 90 amenewo, onani lipoti losonyeza amene sanalowe mu pulogalamuyo kwa miyezi itatu, mufunse akuluakulu awo, muchepetse. Pemphaninso a zachuma akuonetseni zolipira za pa khadi la kampani, chifukwa nthambi zina zimalembetsa mapulogalamu a pa intaneti osauza aliyense.

Kaundula asonyezenso tsiku limene opanga adzaleke kusamalira pulogalamu. Microsoft inasiya kupereka zigamba zachitetezo zaulere za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, tsiku lomwelo ndi Office 2016 ndi Office 2019. Windows 11, yolowa m'malo mwa Windows 10, imafuna kachipangizo kachitetezo ka m'kompyuta kotchedwa TPM 2.0, ndiye makina akale ambiri sangailandire ndipo ayenera kulowa mu bajeti yogula atsopano.

Makina otha ntchito asatuluke pakhomo hadi disiki yake isanafufutidwe bwinobwino. Kufomata mwachangu sikuchotsa mafayilo. Disiki yamtundu wakale ilembedwe pamwamba ponse, yamtundu watsopano yotchedwa SSD ifufutidwe ndi pulogalamu yofufutira ya secure erase ya opanga ake, ndipo yokanika ibooledwe kapena kuphwanyidwa. Mzere wa makinawo musaufufute mu kaundula: lembanipo tsiku, njira imene mwafufutira ndi amene wasaina. Pakatha miyezi itatu iliyonse, munthu mmodzi wodziwika ndi dzina atenge makina khumi mwachisawawa, awapeze ndi maso ake, ndipo afananitse serial number ndi zolembedwa. Awiri akapezeka akusiyana ndi kaundula, werengani onse.