Kauniuni, mabowo ndi mkangano wa masampulo

Nkhani ya migodi ikangobuka m'minibasi ya ku Nsaru kapena pamaliro kuno ku Lilongwe, sipalephera kupezeka wina wonena motsindika kuti, "Akungonamizira masampulo, miyalayo akuba." Anthu otere ine sindiwaseka. Kukayika kwawo kuli ndi gwero, ndipo gwerolo lili kutali ndi kuno, ku Kayelekera m'boma la Karonga, makilomita oposa 50 kuzambwe kwa boma, panjira yopita ku Chitipa.

Yureniyamu wa ku Kayelekera anamupeza mu 1982 ndi akatswiri a bungwe la magetsi la ku Britain, Central Electricity Generating Board. Anthuwa ankafuna chakudya cha malo awo opangira magetsi a nyukiliya. Anaboola phirilo kwa zaka zingapo, koma atawerengera bwino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anaona kuti mtengo wa yureniyamu wagwa moti kukumba n'kutaya ndalama. Analongedza n'kubwerera kwawo. M'zaka zomwezo, mu 1984 ndi 1985, kampani ya Hunting inauluka ndi ndege dziko lonse ndi thandizo la UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, kuyeza zam'mimba mwa nthaka. Mapu amene anatuluka pamenepo ndiwo anadzaloza anthu ku Kanyika ku Mzimba, kumene kuli niobium, chitsulo cholimbitsira zitsulo zina, wosakanikirana ndi yureniyamu pang'ono.

Kuti mkanganowu umveke, pafunika kudziwa mmene ntchitoyi imayendera. Ndege imanyamula makina omva cheza chosaoneka ndi maso chimene chimatuluka mu yureniyamu, thoriyamu ndi potaziyamu. Koma makinawa amangomva za pamwamba, kuzama kwake kosafika ndi mkono womwe. Ndege ili ngati galu wosaka: imanunkhiza, siigwira nyama. Pamalo pamene yanunkhiza pamapita anthu apansi ndi timakina ta m'manja, ndipo akakhutira ndiye kumabwera chimakina choboola, chofanana ndi cha mjigo. Kuboola kwina kumatulutsa zigumugumu ndi fumbi zimene amathira m'timatumba. Kwina kumatulutsa mwala wautali wobulungira ngati nzimbe, umene amauyala m'mabokosi motsatana, n'kulemba kuti chidutswa ichi chachokera mamita akutiakuti pansi. Mwalawo amaucheka m'litali, theka lipite kukayezedwa, theka lisungidwe. M'dzenjemo amatsitsiramonso kachipangizo pachingwe kowerenga cheza mita ndi mita.

Tsono timatumbato timapita kunja, kawirikawiri ku South Africa kapena ku Australia, kumene kuli malabu amene ogula masheya amawakhulupirira. Apa mpamene munthu wa kumudzi amaima n'kumayang'ana galimoto ikunyamula dothi la kwawo.

Tsiku lina ndinayesa kufotokozera anzanga m'minibasi kuti m'kathumba kotere mulibe chuma. Ku Kayelekera, pa tani yathunthu ya miyala pamatuluka yureniyamu wokwana pafupifupi kilogalamu imodzi basi, ndipo kuti atuluke pamafunika fakitale yonse ndi asidi. Mayi wina wachikulire amene anali atafungata dengu anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga mwanawe, ngati ndi dothi chabe, bwanji satiuza zimene apezamo?" Mayiyo anaponda pamutu pa njoka. Chimene chimapita ndi masampulo si mwala ayi, koma kudziwa: pali zambiri bwanji, zili pati, zazama motani. Ndipo wodziwa zimenezo ndiye amatchula mtengo.

Umu ndi mmene zinakhalira pamene kampani ya ku Australia, Paladin, imene inatenga Kayelekera mu 1998, inakhala pansi ndi boma ku Capital Hill. Iyo inali ndi zotsatira za bowo lililonse. Ife tinali ndi lamulo la migodi la 1981, ndipo lamulo loona za nyukiliya linali lisanabadwe, poti linadza mu 2011 mgodi utayamba kale. Mgwirizano wa February 2007 unapatsa boma gawo la 15 peresenti, koma msonkho wa pa zokumbidwa unatsitsidwa kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 m'zaka zitatu zoyamba, kenako 3. Mabungwe omenyera ufulu anathamangira kukhoti chaka chomwecho, akudera nkhawa mtsinje wa Sere umene umathira mu North Rukuru, nayenso n'kukathira m'nyanja ya Malawi. Nkhaniyo inathera kunja kwa khoti, ndipo Bingu wa Mutharika anatsegula mgodiwo mu April 2009. Migolo ya yureniyamu inkadutsa ku Zambia kukakwera sitima ku Walvis Bay.

Chisangalalo sichinakhalitse. Ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima, ku Japan, mu 2011 inagwetsa mtengo wa yureniyamu, ndipo mu 2014 mgodi unaima utatulutsa yureniyamu wolemera mapaundi pafupifupi 11 miliyoni. Chaka chotsatira bungwe la ActionAid linati dziko linataya madola 43 miliyoni a misonkho m'zaka zisanu ndi chimodzi. Paladin inakana, koma chiwerengerocho chinakhazikika m'mitima mwa anthu mpaka lero.

N'chifukwa chake ine kauniuni, ntchito ya boma yoyeza nthaka ndi ndege, ndimamulemekeza. Mu 2013 ndi 2014, ndi ndalama za Banki Yaikulu Padziko Lonse ndi European Union, kampani ya ku Canada ya Sander Geophysics inaulukanso dziko lonse, koma ulendo uno mizere yake inali yothithikana, mamita 250 okha pakati. Ndikukumbukira kandegeko kakudutsa kumudzi kwathu chapansipansi, kupita n'kubwerera ngati munthu wogalauza mizere, nkhuku zili balala, ana akuthamangira kudambo kukakaonetsetsa. Kanali koyamba m'badwo wathu kuona dziko likudziyeza lokha lisanaitane ogula. Zotsatira zinatuluka mu 2015 ndipo zili m'manja mwa nthambi ya boma yofufuza za miyala ku Zomba.

Koma mapu a ku Zomba sanayankhe funso la mayi uja. Ku Kanyika anthu anauzidwa kuti adzasamuka, ena analeka kumanga ndi kubzala mitengo, zaka n'kumapita mgodi osayamba, mpaka mu 2017 anakasuma kukhoti. Kufufuza kokhako, fosholo isanagwire ntchito, kumatha kuimitsa moyo wa mudzi wathunthu, ndipo zimenezi zimandipweteka kuposa nkhani ya misonkho.

Lero mabowo afika pakhomo pathu. Ku Kasiya ndi ku Malingunde akufufuza rutile (mwala wopangira chitsulo cha titanium) ndi graphite (uja wa m'mapensulo ndi m'mabatire), osati yureniyamu, koma timatumba ndi tomwe tija, ndipo anthu akaona galimoto amakumbukira Karonga. Lamulo la migodi linasinthidwa mu 2019 ndi mu 2023. Kayelekera anamutenga a Lotus Resources, kampani inanso ya ku Australia, mu 2020, ndipo mgwirizano watsopano wa July 2024 unabwezera msonkho uja pa 5 peresenti. Mu August 2025 fakitale ya paphiripo inayambanso kutulutsa yureniyamu, patatha zaka 43 chimupezereni.