Kope lodzaza ndi machongo si umboni woti mwana akudziwa kuwerenga

Teremu iliyonse ikamatha pamabwera kholo litanyamula kope la mwana wake ngati chiphaso. Amalitsegula patebulo panga n'kumatembenuza masamba uku akundiyang'ana. "Taonani aphunzitsi, monsemu mwachongedwa. Ndiye mukuti sadziwa kuwerenga bwanji? Kunyumba amatiwerengera buku lonse osaphonya ngakhale liwu limodzi." Mawu amenewa ndawamva kwa zaka zoposa 20, ndipo kunena zoona andikwana.

Kopelo ndi lodzazadi, ndipo mwanayo bukulo amalitchuladi bwinobwino kuyambira pachikuto mpaka kumapeto. Vuto ndi lakuti zonse ziwirizi mwana angathe kuzichita asakudziwa lembo n'limodzi lomwe.

Tiyeni tilowe m'kalasi muone. Mphunzitsi walemba chiganizo pa bolodi, akuloza ndi ndodo, akuwerenga, ana onse akubwereza pamodzi. Mukaima pakhomo mumva ngati kwaya yokonzeka bwino. Koma lowani mukhale pansi pakati pawo, muyang'ane milomo. Ana asanu kapena asanu ndi mmodzi ndiwo akuwerengadi, maso ali pa bolodi. Enawo akubwera pambuyo pang'ono chabe, akutola mawu m'kamwa mwa anzawo, ena maso ali pawindo. Kuwerengera pamodzi kuli ndi ntchito yake, kumalimbitsa mtima ana amanyazi ndi kuwongola katchulidwe, ndipo inenso ndimachita. Koma n'kobisalamo kwabwino kwambiri. Mwana wa zaka 6 akamva nyimbo katatu amaigwira yonse. Nanga ndime imene yabwerezedwa kakhumi pa sabata imodzi ingamukanike? Akaona chithunzi cha patsambalo, mawu onse amangotuluka okha.

Za kukopera n'zosavuta kumvetsa. Inuyo nditakulemberani pa bolodi malembo a Chitchaina kapena a Chiarabu, mukhoza kuwajambula mwaukhondo m'kope, ine n'kukuchongerani, koma musanawerengepo kanthu. Ana ambiri a makope okongola akuchita zomwezo. Chikomekome cha mkuyu.

Ku Berlin, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kunali hatchi yotchedwa Hans imene anthu ankati imadziwa masamu. Akaifunsa funso inkagunda pansi ndi chiboda mpaka kufika pa nambala yolondola. Mwini wake, Wilhelm von Osten, anali ataphunzitsapo masamu kusukulu, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti hatchiyo waiphunzitsadi. Mu 1907 katswiri wa maganizo Oskar Pfungst anasindikiza zimene anapeza ataifufuza: wofunsayo akakhala kuti yankho sakulidziwa, kapena hatchiyo ikaphimbidwa kuti isamuone, inkalephera. Inkayang'ana nkhope ndi thupi la munthu, n'kusiya kugunda ikaona kuti wamasuka. Nkhaniyi ndimaikumbuka nthawi zonse mwana akamayankha maso ali pakamwa panga. Ana ndi ochenjera kuposa hatchi. Amadziwa kuti mukayamba kukweza nsidze ndiye kuti alakwitsa, mukayamba kupanga milomo ngati mukufuna kunena "m" ndiye kuti liwulo likuyamba ndi "m". Makolo mumachita zimenezi osadziwa, ifenso aphunzitsi chimodzimodzi.

Panali mtsikana wina amene mpaka lero sindimuiwala. Ndinali naye mu Sitandade 4. Anali waulemu, wa dzanja lokongola kuposa langa, ndipo powerengera pamodzi mawu ake ndiwo ankamveka pamwamba. Tsiku lina ndinamuitana kuti awerenge yekha, ndipo potsegula bukulo ndinalumpha masamba awiri mosadziwa. Iye anaika chala pamzere woyamba n'kuyamba kuwerenga molimba mtima nkhani ya tsamba limene tinaphunzira dzulo lake, chala chikuyenda pa mawu ena, pakamwa pakutuluka ena. Anafika mpaka pansi pa tsamba. Anzake ena anayamba kuseka, ndinawaletsa. Nthawi yopuma ndinamulembera papepala mawu atatu osavuta, amene mwana wa Sitandade 1 amawerenga teremu yachiwiri. Anayang'ana pepala, n'kuyang'ana ine, n'kudikira kuti milomo yanga imuthandize. Nditangokhala duu, misozi inayamba kutsika.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mwanayu ndinamuphunzitsaponso ndili ku Sitandade 2. Machongo ofiira a m'makope ake a chaka chimenecho ndi a dzanja langa. Ndinkamuyamikira pamaso pa anzake, ndinkamutuma kukafufuta bolodi chifukwa anali wodalirika, ndipo chaka chonsecho sindinamupatse ngakhale mphindi imodzi yoti awerenge yekha mawu amene sanawamvepo. Ndikhoza kudziteteza kuti ana anali ambiri, ndipo analidi ambiri. Koma ana aphokoso ndi ovuta ndinkawadziwa bwino zimene akulephera. Amene anandipulumuka ndi wofatsayu, chifukwa sankandivutitsa. Ndipo musaganize kuti anali wopanda nzeru. Kuloweza mabuku a zaka zitatu, n'kudziwa tsamba lililonse ndi chithunzi chake, kuti munthu aliyense asakutulukire, n'ntchito yaikulu kuposa kuphunzira malembowo.

Kuwerenga kuli ndi miyendo iwiri. Wina ndi kumasula malembo: kudziwa liwu la lembo lililonse, kuwalumikiza kukhala maphatikizo, maphatikizowo kukhala mawu. Wina ndi kumva tanthauzo la chiyankhulocho. Ofufuza za kuwerenga Philip Gough ndi William Tunmer, mu 1986, anafotokoza kuti ziwirizi zimachulukitsana, siziphatikizana ayi. Amene munakhoza masamu mwamva kale: nambala iliyonse mukaichulukitsa ndi ziro yankho ndi ziro. Mwana wodziwa nthano zambiri, wolongosola bwino poyankhula, koma wosamasula malembo, sakuwerenga. Mnzake wotchula mawu onse molondola koma osadziwa kuti akunena chiyani, nayenso sakuwerenga. Amenewa timawaona kwambiri pa phunziro la Chingerezi.

Ndiye mukafuna kudziwa zoona za mwana wanu, tsekani buku la kusukulu. Tengani pepala mulembe mawu asanu amene mulibe m'bukumo. Onjezani awiri opeka, opanda tanthauzo, monga "feku" ndi "lubo". Mawu opekawa ndiwo amaulula zonse, chifukwa palibe poti akanawamvera. Wodziwa maliwu a malembo amawatchula mosavuta, makamaka m'Chichewa momwe mawu amalembedwa monga amamvekera. Kenako lembani ziganizo ziwiri zanuzanu, awerenge, mum'funse kuti zikunena chiyani. Pa masamu chitani zomwezo. Woyimba matebulo ochulukitsa kuyambira pamwamba m'funseni chapakati, kapena m'patseni timiyala 12 kuti agawire anthu atatu.

Pochita zimenezi nkhope yanu ikhale phee, ndipo dikirani. Wofufuza za maphunziro Mary Budd Rowe, atamvetsera makaseti a makalasi ambiri, anafotokoza m'zaka za m'ma 1970 kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanaloze wina kapena kuyankha yekha, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposa, mayankho amatalika komanso ana ambiri amayankha nawo. Makolo ndiye mumaposa pamenepo. Mwana asanatsegule pakamwa mwanena kale liwu loyamba. Ndipo chonde, ndodo ikhale kutali. Mwana woopa amangolota yankho kuti zithe msanga.

Alipo makolo ena amene amadandaula zosiyana ndi izi: "Ndinadutsa pa kalasi yanu, ana akungosokosera, ena akusewera ndi zitsekerero za mabotolo, m'kope mwalembedwa mizere iwiri yokha." Zitsekererozo ndiwo masamu. Phokosolo, ngati ndi la ana awiriawiri akuwerengerana, ndi labwino kuposa kwaya ija, chifukwa pa awiri palibe kobisala. Pamenepa sinditaya nthawi.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi mawu akuti "musiyeni, mutu udzatseguka akakula". Ndawamva kwa makolo, kwa agogo, ngakhale kwa aphunzitsi anzanga. Wofufuza wina, Connie Juel, anatsatira ana 54 kuyambira kalasi yoyamba mpaka yachinayi, ndipo mu 1988 anafotokoza kuti mwana amene ankavutika kuwerenga pakutha pa kalasi yoyamba, mpata woti akhale akuvutikabe pakutha pa yachinayi unali 88 pa 100. Chifukwa chake n'chosabisika. Wodziwa kuwerenga amawerenga chilichonse chimene waona, zikwangwani, mapaketi, mauthenga a pafoni, ndipo tsiku lililonse akutola mawu atsopano. Wovutika amathawa malembo chifukwa amam'chititsa manyazi, choncho sayeserera, ndipo mpata pakati pa awiriwa umakula chaka ndi chaka. Wofufuza Keith Stanovich, mu 1986, anatchula zimenezi potengera mawu a m'buku la Mateyu onena kuti amene ali nazo adzawonjezeredwa, ndipo amene alibe adzalandidwa ngakhale zochepa zomwe ali nazo. Pofika Sitandade 4 palibenso amene akuphunzitsa maliwu a malembo. Sayansi, mbiri, ngakhale mafunso a masamu, zonse zimabwera m'mawu olembedwa, ndipo mwana amayamba kulephera maphunziro onse nthawi imodzi. Pamenepo ndi pomwe makolo amathamangira kwa ahedi kudzafunsa kuti chachitika n'chiyani, pomwe chinachitika zaka zitatu zapitazo. Ndipo si ana ochepa: mu 2019 World Bank inati m'mayiko osauka ndi apakati, ana 53 pa 100 aliwonse amafika zaka 10 asakutha kuwerenga ndi kumva nkhani yosavuta.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti muchite mantha ndi chilichonse. Mwana wa zaka 6 kusokoneza "b" ndi "d" n'zachizolowezi, ndipo kwa ambiri zimatha zokha chakumazaka 7. Koma mwana amene wamaliza chaka chathunthu osatha kulumikiza "m" ndi "a" kukhala "ma", ameneyo musadikire naye teremu ina. Yambani ndi kuchipatala, akamuyeze maso ndi makutu. Mwana sadziwa kuti anzake amaona bolodi bwino kuposa iye, choncho sadandaula. Amene makutu ake amadwaladwala amamva mawu ngati ali pansi pa madzi, ndipo kusiyanitsa "p" ndi "b" kumam'vuta. Zikakhala bwino kumeneko, bwerani kwa mphunzitsi, ndipo musafunse kuti wakhala nambala chani. Funsani kuti ndi malembo ati amene sakuwadziwa. Mphunzitsi akalephera kuyankha, m'pempheni mwaulemu kuti amuyese payekha, mubwerenso sabata yamawa. Alipo ana ena amene vuto lawo ndi dyslexia, kuvutika kwapadera kulumikiza malembo ndi maliwu ake ngakhale ali ndi nzeru bwinobwino. Amenewo amaphunzira ndithu, koma amafuna kuphunzitsidwa maliwu mwadongosolo, pang'onopang'ono, kwa nthawi yaitali, ndipo kuchedwa kumawapweteka kuposa ena onse.

Tsono pali anthu amene amadya pa mantha a makolo, ndipo amenewa ndilibe nawo chifundo. Wina akugulitsa mapiritsi kapena madzi a m'botolo oti "amatsegula mutu". Palibe chakumwa chimene chimaphunzitsa mwana kuti lembo ili limamveka chonchi. Mwana wosowa magazi kapena wodwaladwala amavutikadi kumvetsera m'kalasi, koma zimenezo amapeza ndi achipatala atamuyeza, osati munthu wa pa Facebook amene mwanayo sanamuonepo. Wina akulonjeza kuti pakatha masabata awiri mwana aziwerenga ngati wailesi. Adzawerengadi ngati wailesi, chifukwa am'loweza tsamba limodzi ndi chikwapu, inu n'kukaombera m'manja. Aphunzitsi apadera abwino alipo, ndipo mudzawadziwa ndi ichi: tsiku loyamba amamuyesa mwana, n'kukuuzani zimene akudziwa ndi zimene sakudziwa, ndipo salonjeza tsiku. Wokana kuti mukhalepo pamene akuphunzitsa, kapena wokwiya mukabwera ndi pepala lanu la mawu asanu aja, m'chotsereni mwana wanu tsiku lomwelo.

Mayi a mtsikana uja nditawaitana sanandikhulupirire, ndipo sindiwadzudzula. Anali ndi makope a zaka zitatu ochongedwa ndi ife tomwe. Ndinawapempha kuti ndizikhala naye mphindi 15 tikaweruka, tiyambirenso pa malembo. Tinachita masabata atatu, ndipo anali atayamba kulumikiza maphatikizo. Kenako mayi ake anam'pezera munthu wina wolonjeza zachangu, amene ankam'patsanso zakumwa. Tchuthi chitatha anabwera akutchula masamba anayi atsopano pamtima, koma mawu atatu aja ankamukanikabe, ndipo tsopano akaona pepala m'manja mwanga ankanjenjemera. Anabwereza Sitandade 4, anakankhidwira ku Sitandade 5, ndipo chakumapeto kwa chaka chimenecho dzina lake linasiya kuitanidwa.

Kuyambira pamenepo, sabata yachiwiri ya teremu iliyonse ndimaika mpando pakhomo la kalasi n'kumaitana ana mmodzimmodzi, aliyense mphindi imodzi, ndi khadi la mawu amene ndalemba m'mawa womwewo. Zimanditengera masiku angapo ndipo silabasi imatsalira pang'ono. Ndimayamba ndi ana ofatsa a makope aukhondo.