Musanapopere thovu padenga, yambani mwaumitsa dengalo

Ambiri amene amandifunsa za thovu lopopera padenga, lija amalitcha spray foam, amaganiza kuti ntchito yake ili ngati kupaka penti pamalata akale kuti asiye kudontha. Thovuli limapangika padenga pomwepo, pamene mankhwala awiri, isocyanate ndi polyol, akumana pakamwa pa chopopera n'kufufuma m'masekondi ochepa. Likauma limatseka mipata ndi kuchepetsa kutentha m'nyumba, koma limamatira chilichonse chimene lachipeza, kaya ndi lata, fumbi kapena dzimbiri, ndipo dzimbirilo likadzayoyoka thovunso limakanganuka nalo.

Kuno ku Mzuzu chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chinyezi. Isocyanate akakhudzana ndi madzi amatulutsa mpweya wa carbon dioxide, umene umanyamula thovu palata n'kusiya matuza odzang'ambika m'tsogolo. Mzinda wathu uli pamalo okwera mamita oposa 1,200, mvula imachedwa kutha, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi malata amakhala onyowa ndi mame ndi nkhungu ngakhale dzuwa litatuluka kale. Pamwamba pakhoza kuoneka pouma, koma mukalowetsa chala polumikizana malata awiri mupeza madzi ndi matope a fumbi zitabisala pamenepo. N'chifukwa chake ineyo ndimasankha Seputembala kapena Okutobala, ndipo sitiyamba kupopera mpaka lata litatentha ndi madigiri 3 kapena kuposerapo pamwamba pa mlingo wogwira mame, umene ndi mlingo wa kutentha pamene chinyezi cha mumpweya chimayamba kusanduka mame.

Tsiku lopopera lisanafike, mmisiri alowe m'siling'i ndi tochi kukaona matabwa, chifukwa thovu silingachirikize denga limene chiswe chinadya kale mitanda yake. Misomali yonse imene inazuka ichotsedwe, m'malo mwake muikidwe masikuluwu okhala ndi mphira, kuti malata asamagwedere pansi pa thovu. Lata lobooka ndi dzimbiri lisinthidwe basi. Kulinyengerera n'kuwononga ndalama. Pamene dzimbiri langoyamba kumene papalidwe ndi bulashi yawaya n'kupakidwa pulayimala, penti yoyambira ija yoteteza ku dzimbiri, kenako denga lonse litsukidwe kuti pachoke ndere, mafuta ndi penti yosendeka. Amene nyumba zawo zili pafupi ndi mitengo ya paini asaiwale masamba amene amadzaza m'magata n'kusunga madzi.

Nyumba zina zakale zili ndi denga la asibesitosi. Limenelo lisapalidwe kapena kutsukidwa ndi madzi amphamvu, popeza fumbi lake limawononga mapapo.

Mphepo nayo imauluza timadontho ta thovu, ndipo tikamatira pagalasi la galimoto kapena pa sola sitichoka wamba, choncho zinthu zotere ziphimbidwe ndipo anansi auzidwe tsiku lisanafike. Musalolenso kuti ntchito iyambe penti yoteteza thovu, ya acrylic kapena silicone, isanafike pamalopo, chifukwa thovu losaphimbidwa limayamba kupsa ndi dzuwa m'masiku ochepa, ndipo penti siigwira bwino pathovu lopserera.