Kampani ikamagula malaputopu kunja, imafunsa chiyani?

Munthu akamadzigulira laputopu, maso ake amathamangira pa kuwala kwa sikirini ndi liwiro la makina. Kampani ikamaitanitsa malaputopu 200 kuchokera kudziko lina, woyang'anira makompyuta amayamba ndi funso lina: tsiku limene imodzi idzafe, tidzatani? Pa ntchito yangayi ndaona kuti funso limeneli ndi limene limasiyanitsa ThinkPad ya Lenovo, Latitude ya Dell kapena EliteBook ya HP ndi malaputopu ogwiritsa ntchito pakhomo.

Nkhani yaikulu ndi walanti. Makampani ambiri amafuna ya zaka zitatu, yoti wokonza azibwera ku ofesi komweko tsiku lotsatira lantchito. Koma walanti imatha kugwira ntchito m'dziko limene makinawo anagulidwa basi. Ndinaonapo bodi yamkati ikupsa pa laputopu ya miyezi isanu yokha, ndipo wogulitsa anayankha kuti tiibweze kumene inachokera, ndalama zotumizira zili kwa ife. Mwini wake, wowerengera ndalama, anakhala masabata angapo akubwereka makina a anzake. Kuyambira pamenepo sindisaina pepala ndisanaone polembedwa kuti walantiyo ikugwira kumene makinawo akupita, komanso kuti masipeya monga batire, kiyibodi ndi sikirini azipezekabe.

Ogula amafunanso kuti mtundu womwewo usasinthesinthe m'kati mwake. Akaika mapulogalamu awo pa makina amodzi, amakopera pa onse, ndiye gulu lachiwiri likabwera ndi zipangizo zina, ntchito imayambiranso.

Za kulimba, opanga amakonda kutchula MIL-STD-810, muyezo wa asilikali a ku America woyesera kutentha, fumbi ndi kugwedezeka. Ndi wothandiza, koma wopanga amasankha yekha mayeso oti achite. Ine ndimatsegula chivundikiro ndi dzanja limodzi n'kumvetsera mahinjesi, kenako ndimatembenuza makinawo kuona ngati pansi pamatseguka ndi sikuludalaiva wamba. RAM (memole imene makina amagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) yowotcherera pabodi siwonjezeka, ndipo zimenezi zimadzawawa chaka chachitatu.

Pa chitetezo palibe kunyengerera. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo poti Microsoft inasiya kuthandizira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, makina opanda kachipangizoka salowanso mu ofesi yosamala. Windows yakenso ikhale ya mtundu wa Pro, chifukwa ya Home silumikizidwa ku domain, netiweki imene kampani imayendetsera makompyuta ake onse pamodzi.

Ndiye pali tinthu timene timaoneka tachabe mpaka bokosi litatsegulidwa. Chaja zambiri zimalandira magetsi a mavoti 100 mpaka 240, koma pulagi ya ku Britain ya mano atatu silowa mu soketi ya ku Germany. Kiyibodi ya ku France imayamba ndi AZERTY, ya ku Germany ndi QWERTZ, ndipo mlembi wozolowera QWERTY amangokhalira kufufuta. Katundu wopita ku European Union amafunika chizindikiro cha CE, chosonyeza kuti akukwaniritsa malamulo a kumeneko. Mabatire a lithium nawo sanyamulidwa pandege kapena pasitima yapamadzi asanapambane mayeso a chitetezo otchedwa UN 38.3, choncho wogula wochenjera amapempha pepala lake katundu asanapakidwe n'komwe.